Description ya tool ikakhala yabwino timadziwira pati?

Chisomo: Anzanga mwaswera bwanji. Ndithandizeni maganizo. Tikupanga agent ya pa WhatsApp, pulogalamu ya AI yoyankha ndi kuchita zinthu yokha, ya shopu ina ya holoselo ku Kamwala mu Lusaka, iziyankha makasitomala za mitengo, kuona ngati katundu alipo, kupanga kotesheni ndi kutumiza pempho loti munthu alipire pa mobile money. Pochita ntchitozi imaitana ma tool, tizidutswa ta code tomwe tinalemba. Manje nthawi zina imatenga tool yolakwika, munthu wangofunsa mtengo wa shuga iyo yapita kukapanga kotesheni, pena osaitana tool iliyonse n'kungoyankha za m'mutu mwake. Wotitsogolera akuti ma description, mawu ofotokozera agent zomwe tool iliyonse imachita, ndi ofooka tiwakonze, chabwino, koma yabwinoyo timaiyeza ndi chani? chifukwa ine ndikaiwerenga ndimamva bwinobwino

aBanda: Taponyani kuno ziwiri kapena zitatu tione asisi, zomwe zikuvuta kwambiri

Chisomo: search_items imati "Search for items in the store." get_item imati "Get an item", parameter yake, chomwe imafuna kupatsidwa kuti igwire ntchito, ndi id, string. Ndiye pali request_payment, imatenga phone ndi amount

aBanda: Inu mukumva bwino chifukwa code munalemba ndinu, mukudziwa zomwe zili kuseri. Model, AI imene ili mkati mwa agent, siona code yanu olo pang'ono. Imaona zinthu zitatu chabe, dzina la tool, description, ndi schema, ndondomeko ya maina ndi mitundu ya ma parameter, basi. Kaya ndi function calling imene OpenAI anatulutsa mu June 2023, kaya ndi MCP imene Anthropic anatulutsa mu November 2024, zonse ziwiri ndi njira zolumikizira model ku ma tool, nkhani ndi yomweyo. Ndiye taganizani mnyamata amene wangoyamba ntchito lero pa kauntala ya shopuyo, bwana wachoka, wamusiyira kapepala kolembedwa "get an item", palibe womufunsa, ndipo mawa m'mawa akhala ataiwala zonse ayambanso ndi kapepala komweko. id imeneyo aitenga kuti? ndi barcode kapena nambala ya mu database? search ndi get zikusiyana pati? Ngati munthu wanzeru amene sanaonepo system yanu sangayankhe mafunso amenewa powerenga description yokha, model nayo izingopenekera

Mavuto: Kwathu tinapanga rubric, mndandanda wa mafunso operekera malikisi. Mafunso ake ndi awa, kodi ikunena zomwe tool imachita, ikunena nthawi yoigwiritsa ntchito, yafotokoza parameter iliyonse, ikunena zomwe imabweza, ikunena malire ake. Timapatsa model ina ma description onse n'kupereka malikisi 1 mpaka 5 pa funso lililonse. Mphindi zochepa mwamaliza, ndipo bwana wanu muli ndi nambala yomuonetsa

Nangozo: Achimwene a Mavuto rubric sindikuikana, imagwira zooneka ngati parameter yosafotokozedwa, koma siyingakhale muyeso weniweni. Model yopereka malikisiyo imaona description imodzi payokha, ndipo kawirikawiri imakopeka ndi zolemba zazitali zaudongo. Pomwe vuto la Chisomo lili PAKATI pa ma tool awiri. search_items itha kupeza 5, get_item 5, koma agent ikaziona pamodzi n'kumasokonezabe chifukwa onse awiri akuoneka ngati angayankhe funso limodzi. Description imalembedwa kuti agent ichite chinthu choyenera, ndiye muyese zimene agent yachita, osati kukoma kwa chizungu chake

Mavuto: Koma kuyesa kumeneko kumadya nthawi ndi ndalama za API, njira yomwe timaitanira model, asisi, si tonse tili ndi budget

Nangozo: Sizodula monga mukuganizira. Chisomo mverani. Tengani mameseji enieni a makasitomala, omwe ali kale mu foni ya shopu, olo 50 poyambira, muchotse maina ndi manambala a anthu kaye. Pa meseji iliyonse lembani pa spreadsheet tool yoyenera kuitanidwa ndi zomwe zikuyenera kulowa mu ma parameter. Kenako mulembe ka script kodutsitsa mameseji onsewo mu agent, ma tool akhale ongoyerekeza osati olumikizidwa ku ndalama zenizeni, n'kuwerenga kuti ndi kangati yatenga tool yoyenera, kangati ma parameter ali bwino, kangati yaitana tool popanda chifukwa. Chimene anthu ambiri amaiwala ndi ichi, muikemo mameseji amene sakufuna tool iliyonse, monga munthu wangoti zikomo ndalandira, kapena wafunsa zinthu zomwe shopu sichita ngati kubwereka ndalama. Muikemonso amene akusowa kanthu, munthu wati nditumizireni polipira koma sananene kuti oda iti, pamenepo choyenera ndi kufunsa osati kupeka. A ku Berkeley pa leaderboard yawo ya function calling anaika gawo lapadera loyesa ngati model ikudziwa kusiya osaitana function pamene palibe yoyenera, chifukwa ndi pomwe ma model ambiri amaterereka

Tiyamike: Ndiwonjezere pa za a Nangozo. Meseji imodzi musaiyese kamodzi chabe. Model imasinthasintha, lero yakhoza mawa yaphonya pa funso lomwelo. Mu 2024 a Sierra anatulutsa tau-bench, yoyesa ma agent othandiza makasitomala pa zogulagula ndi za ndege, ndipo anabwera ndi muyeso wotchedwa pass^k, kutanthauza kuti ntchito yomweyo ikaperekedwa maulendo k, agent ikhoze maulendo onsewo osaphonyapo. Nambala zimatsika kwambiri k akamakwera. Kwa ife ndiye muyeso wofunika chifukwa kasitomala wa ku msika wa Soweto amene watumiziridwa pempho la ndalama zolakwika sizimuthandiza kuti anzake anayi zinawayendera bwino

Amalume a ku Chilenje: Ana inu ndakhala ndikuwerenga chete, koma pa request_payment ndiye ndiyankhulepo. Chisomo mwana wanga, amount imeneyo ndi ya makwacha kapena ngwee?

Chisomo: Backend, code yathu ya kuseri, imalandira ngwee amalume, integer. Mu description sitinalembe

Amalume a ku Chilenje: Ndiye pamenepo ndi pomwe pali ngozi kuposa search ndi get zanuzo. Kasitomala ayenera kulipira K150, agent itumiza 150, system yanu iwerenga ngwee 150, ndiye K1.50, katundu watuluka. Kapena tsiku lina model iganiza yokha kuti ichulukitse ndi 100 pamene code yanu yachulukitsa kale, munthu alandira pempho la K15,000. Ine ndinali pa ntchito za ma system a ndalama pamene kwacha inachotsedwa ma zero atatu pa 1 January 2013, code inasintha kuchoka ZMK kupita ZMW, ndipo zosokonezeka zambiri sizinali za masamu ovuta ayi, zinali za anthu awiri amene aliyense ankaganiza kuti mnzake akudziwa kuti nambala ili mu chiyani. Model yawerenga zolemba zakale ndi zatsopano zomwe, ZMK ikuidziwa, ZMW ikuidziwa, komanso kwacha ya ku Malawi MWK. Shopu za ku Kamwala zimagulitsa kwa anthu odutsa pa boda ya Mwami kuchokera ku Malawi, wina akalemba kuti 50,000 kwacha mukudziwa bwanji kuti akunena iti? Parameter muitche amount_ngwee, mulembe kuti ndi ndalama ya Zambia yokha, 100 ngwee ndi K1, muike chitsanzo chimodzi kuti K150 ilembedwe 15000. Koma ine ndikanakonda tool isamalandire amount n'komwe, izilandira nambala ya kotesheni, ndalamazo code iziwerengera yokha

aBanda: Eya amalume mwalasa. Nthawi zambiri description ikamavuta kulemba ndiye kuti tool yeniyeniyo inapangidwa mokhota. Ngati mukufunika ndime yonse yochenjeza model kuti isalakwitse masamu, chotsani masamuwo m'manja mwake

Dalitso: Phone nayonso chimodzimodzi. Anthu amalemba 097, ena +260 97, ena 260 yopanda plus, ena amaika mipata pakati. Nenani mtundu umodzi mu schema, pattern ilipo mu JSON Schema. Ndipo network musaisiye kukhala string yaulere, ikhale enum, mndandanda wokhazikika wosankhapo, airtel, mtn, zamtel. Enum imagwira ntchito kuposa ziganizo zitatu zopempha. Za nthawi musaiwale, ngati pali tool ya ma oda a lero nenani ngati deti ndi ya CAT, nthawi yathu, kapena UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse, ife tili patsogolo ndi maola awiri, oda ya 01:00 usiku imagwera dzulo mukapanda kusamala

Mavuto: Zonsezi mukunenazi rubric yanga ikanazigwira pa funso la ma parameter

Nangozo: Ikanagwira kuti amount sinafotokozedwe, inde. Koma Chisomo akanalemba "the amount to be paid by the customer" woweruza wanuyo akanapereka malikisi abwino chifukwa chiganizo chilipo, sakudziwa kuti kuseri kuli ngwee. Description itha kukhala yomveka bwino koma yabodza, kapena inali yoona mwezi watha code isanasinthe. Zimenezo zimaoneka pokhapokha mukayendetsa agent n'kuyerekeza zomwe yatumiza ndi zomwe backend ikuyembekeza

Mavuto: Pamenepo ndavomera. Komabe kwa ife tili ndi ma tool ambiri ochokera ku ma timu osiyanasiyana, rubric imatithandiza kusefa tisanafike pa mayeso, munthu asabweretse tool ya mawu atatu

Nangozo: Ngati sefa yoyamba palibe vuto, bola nambala yakeyo isapite kwa bwana ngati umboni woti agent ikugwira

Chisomo: Nanga kutalika? Wina kuofesi akuti zikhale zazifupi kuti tisawononge ma token, tizidutswa ta mawu tomwe timalipira model ikawerenga, wina akuti tilembe zonse

aBanda: Onse ali ndi mfundo. Ma description onse amatumizidwa kwa model pa request iliyonse, ndiye mumawalipira nthawi zonse olo tool isagwiritsidwe ntchito. Koma malangizo a Anthropic amati tool iliyonse ikhale ndi ziganizo zosachepera zitatu kapena zinayi, kuposa apo ngati tool ndi yovuta, ndipo a OpenAI amalangiza kuti ma function opezeka nthawi imodzi asafike 20. Mukaphatikiza ziwirizi ndiye kuti ma tool ochepa ofotokozedwa mokwanira. Inu muli ndi ochepa kale, musaumire mawu. Chiganizo chimene ine ndimachifuna kwambiri mu description ndi chonena nthawi yomwe tool ISAGWIRITSIDWE ntchito, n'kutchula mnzake woyenera. Mwachitsanzo pa create_quote mulembe kuti iyi ndi ya pamene kasitomala wanena katundu ndi kuchuluka kwake ndipo wapempha kotesheni, ngati wangofunsa mtengo gwiritsa ntchito search_items imene imabweza mtengo kale. Pa get_item mulembe kuti id imachokera mu zotsatira za search_items, osaipeka. Kapenanso dzifunseni ngati get_item ikufunikadi, mwina search ingathe kubweza zonse n'kuchotsa tool imodzi

Tiyamike: Koma osalemba ndi zilembo zazikulu paliponse kuti ALWAYS, MUST, CRITICAL. Ma model atsopano amamvera kwambiri, mukakuwa pa tool imodzi izingoitana imeneyo ngakhale pa moni. Nenani chifukwa chake modekha, imamva

Dalitso: Funso kwa Chisomo, makasitomala anu amalemba chiyankhulo chanji?

Chisomo: Zosakaniza achimwene, Chinyanja cha mu town, chizungu, ena Chibemba, pena zonse mu meseji imodzi. Koma database ili mu chizungu

Dalitso: Ndiye ichi chilowe mu description ya search_items komanso mu mayeso anu. Munthu alemba kuti saladi ya 20 ndi zingati, kapena muli ndi breakfast ya 25, kapena roller, akunena ufa. Ngati search yanu imangofananitsa zilembo, agent ikatumiza saladi ibweza zero, kenako iuza kasitomala kuti katundu palibe pamene mafuta ophikira adzaza mu sitoro. Model siingadziwe kuti database yanu imangomva chizungu pokhapokha mutaiuza. Lembani kuti maina a katundu ali mu chizungu, search imafananitsa mawu osati tanthauzo, ndiye isinthe kaye mawu a kasitomala, ndipo ikapeza zero iyesenso ndi mawu ena isananene kuti palibe. Ma benchmark akunjawo, monga tau-bench ija, sangakuyezereni zimenezi, mayeso ake muyenera kupanga nokha kuno

Amalume a ku Chilenje: Ndipo saladi ya 20 imeneyo kwa wa holoselo ndi chigubu cha malita 20, kwa wa kantemba ndi ya K20 yopimidwa. Shopu yanu imagulitsa iti, agent idziwe

Nangozo: Chinanso chomwe anthu sachiwerengera ngati description koma ndi description ndithu, ndi zomwe tool imabweza, makamaka ikalephera. Agent ikalandira "Error 400" ilibe pogwira, ingobwereza zomwezo kapena kupepesa kwa kasitomala. Koma ikalandira uthenga woti nambala ya foni iyenera kuyamba ndi 260 ndi kukhala ya manambala 12, imadzikonza yokha ulendo wachiwiri. Ndiye mu mayeso anu ikani dala zolakwika zingapo muone ngati ikudzuka. Komanso search isamabweze mizere 300 yokhala ndi ma column onse a database, bwezani zochepa zofunika, dzina, kukula kwa paketi, mtengo, zotsala, ndi id. Ndipo chonde werengani ma transcript, zolembedwa za zonse zomwe agent yanena ndi kuchita, ndi maso anu. Nambala ikuuzani kuti yaphonya 8 pa 50, koma chifukwa chake mudzachipeza powerenga pomwe model ikulingalira, mumaona ikunena kuti sindikudziwa ngati tool iyi imabweza mtengo ndiye ndiyese inayi, pamenepo ndi pomwe chiganizo chikusowa

Mavuto: Apa ndiye model imathandizadi. Muipatse ma transcript olephera pamodzi ndi ma description muifunse kuti chinasokoneza n'chiyani, imatha kuloza bwino kuposa kuifunsa malikisi

Nangozo: Zoona achimwene, imeneyo ndimachita nanenso. Koma mugawe mameseji anu pawiri, ena okonzera, ena muwabise musamawayang'ane pokonza. Apo bii mudzalemba description yoloweza mayeso anu, ikhoza 50 pa 50, kasitomala weniweni akabwera ndi kalembedwe kena yagwa. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa, mukasintha zisanu pakamodzi simudziwa chomwe chathandiza

Tiyamike: Pali mbali ina imene sitinaikhudze ndipo imandidetsa nkhawa, ma tool amene simunalembe nokha. Anthu akungotenga ma MCP server pa GitHub n'kulumikiza osawerenga. Description ija model imaitenga ngati malangizo. Mu April 2025 a Invariant Labs anaonetsa zomwe anazitcha tool poisoning, munthu amabisa malangizo mu description, monga kuuza agent kuti iwerenge file ya ma key n'kuitumiza mu parameter ina, wogwiritsa ntchito osaona kanthu chifukwa pa screen pamangooneka dzina la tool. Ndiponso server itha kusintha description inu mutavomereza kale. Ndiye kuyeza ubwino kuphatikizeponso kuwerenga mawu onse amene model ikulandira, kusunga kopi yake, n'kuika alamu akasintha

Dalitso: MCP ili ndi ma annotation monga readOnlyHint ndi destructiveHint osonyeza ngati tool imangowerenga kapena imatha kuwononga, koma spec yomweyo, chikalata chofotokoza MCP, imati ndi ma hint chabe, musawakhulupirire ngati server simukuidziwa

Amalume a ku Chilenje: Ine mfundo yanga pa ndalama sisintha. Kulemba mu description kuti usatumize pempho loposa K5,000 popanda munthu kuvomereza n'kwabwino, kumathandiza agent kudziwa chochita, koma si loko. Malirewo akhale mu code, tool izikana yokha. Komanso lamulo la Data Protection Act la 2021 lilipo, mameseji a makasitomala mukuwatengera ku mayesowo ali ndi manambala a foni, pena ma NRC ndi ma TPIN, muwafufute musanawatumize ku API ya kunja. Musati poti ndi mayeso chabe

Chisomo: Ndamva amalume, ndifufuta zonse. Ndalembanso ya search_items, tanthauzo lake ndi ili, imasaka katundu wa mu shopu ndi dzina la chizungu, imabweza zosaposa 10 ndi mtengo mu ZMW, kukula kwa paketi, zotsala ndi id. Igwiritsidwe ntchito pa funso lililonse la mtengo kapena ngati katundu alipo. Siisungira munthu katundu ndipo siipanga kotesheni. Ikabweza zero yesanso ndi dzina lina usanayankhe. get_item ndikuganiza zoichotsa. Zili bwanji?

aBanda: Yasintha kwambiri asisi. Mtengowo uli ndi VAT kale kapena ayi? Onjezerani chimenecho. Ndipo zotsalazo ndi za pompopompo kapena zimasinthidwa madzulo shopu ikatseka? ngati ndi za dzulo agent iyenera kudziwa kuti isalonjeze munthu wochokera ku Chipata kuti matumba 40 alipo

Chisomo: Zimasinthidwa madzulo aliwonse. Ndiwonjezera zonse ziwiri

Nangozo: Musanaiike yesani yakale ija pa mameseji anu kaye kuti mukhale ndi poyerekezera, kenako yatsopanoyi. Ine sindinganene kuti ndi yabwino mpaka tione manambala awiriwo. Ndipo script imeneyo musaitaye, tsiku lomwe mudzasinthe model kapena kuwonjezera tool yatsopano muidutsitsenso, tool yatsopano imatha kulanda mafunso a yakale imene simunaikhudze n'komwe

Mavuto: Mayankho oyenera pa spreadsheet alemba ndani? Chifukwa akalemba developer yekha aikamo maganizo ake omwewo amene anali mu description yoyamba

Amalume a ku Chilenje: Funso labwino mwana wanga. Akhale pansi ndi amene amayankha foni ya shopuyo tsiku ndi tsiku. Ameneyo ndi amene akudziwa kuti mayi wolemba kuti zija za sabata yatha akufuna kotesheni kapena akungofunsa ngati mtengo wakwera, ndipo pomwe iye mwini angafunse kaye asanachite kanthu, pamenepo mulembe kuti agent nayo ifunse

Chisomo: Alipo mayi mmodzi amene amagwira foniyo kuyambira kale, ndiwapempha Loweruka shopu ikatseka tikhale limodzi pa spreadsheet. A Nangozo script yanuyo ndi ya Python? mungandigawireko poyambira

Nangozo: Ya Python, ndikutumizirani ku inbox madzulo ano. Ili ndi column ya kangati pa maulendo asanu, ija a Tiyamike amanena, mungosintha maina a ma tool ndi kuika model yanu